Chitsime cha Alendo

MUTU 6

1. Ntchito ya a Chiukepo

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, Selestina anali mu Fomu 2. Kwawo kunali kwa Nathiya, mudzi wa m'mphepete mwa nyanjayo, m'boma la Phalombe. Kusukulu ankapita pa njinga imene amalume ake, a Steve, ankamubwereka.

Amene ankaphunzitsa mbiri yakale anali a Chiukepo Mhango, bambo wamtali wochokera ku Rumphi. Mayina a Chilomwe ankawavuta kutchula. Ana ankaseka, koma iwo sankakwiya.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, a Chiukepo analowa m'kalasi opanda buku m'manja.

"Za mafumu a ku Iguputo mumazidziwa," anatero. "Nkhondo za azungu mumaloweza mpaka madeti ake. Tsono ndiuzeni, ndani anayamba kumanga nyumba m'mudzi mwanu?"

Ana anangoyang'anana.

"Ndinadziwa. Ndiye mverani. Aliyense asankhe malo amodzi odziwika kwawo, kaya ndi phiri, kaya dambo, kaya mtengo. Akafunse akuluakulu mbiri ya malowo, alembe mu kope. Koma ndikuchenjezeni. Musakafunse munthu mmodzi yekha ayi. Pansi pa nkhani iliyonse mukalembe dzina la amene wakuuzani. Musakakometse, musakachotsepo kanthu. Zaka za m'mbuyomu tinkaopa kuyankhula, ndipo nkhani zambiri zinapita kumanda ndi eni ake. Lero pakamwa patseguka, koma pakamwa potseguka pamatulukanso mabodza. Wolemba mbiri ndi mboni ya anthu amene sangathenso kudziyankhulira. Mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi!"

Selestina sanachedwe kusankha. Kumapeto kwa mudzi wawo, pansi pa mkuyu waukulu, panali chitsime chimene anthu ankachitcha Chitsime cha Alendo. Chaka chimenecho zitsime zina zonse zinauma, koma icho chinkatulukabe madzi ozizira, opanda mchere. M'munsi mwake munali dimba la mayi Eveles Sitima, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu atatu. Dziko lonse linali fumbi lokhalokha, koma m'dimbamo munali mpiru, matimati ndi chimanga chobiriwira.

Selestina anatunga madzi pamenepo kuyambira ali kamwana. Sanafunsepo kuti alendowo anali ndani.

2. Nkhani ya amalume

Bambo ake a Selestina anamwalira iye ali wamng'ono. Amene ankayang'anira banja anali a Steve, mlongo wa mayi ake, a Eliness. Iwo ndiwo anali mwinimbumba.

A Steve anali msodzi wodziwika. Nthawi imene nyanja inali ndi madzi, panalibe khomo la m'bale wawo limene linkagona osalawa matemba. Koma tsopano mabwato awo awiri anali gone pa matope ouma, akung'aluka ndi dzuwa. Munda waukulu wa mbumba yawo unakwiririka ndi mchenga pamene Napolo anasefukira mu 1991. Njala inali itayamba kale kusuzumira m'makomo.

Selestina anawapeza atakhala pakhonde, akusoka ukonde umene sankadziwa kuti adzaugwiritsanso ntchito liti. Atawafotokozera za ntchito ya kusukulu, a Steve anaika ukonde pansi.

"Wati ulemba za chitsime chija?"

"Inde, amalume."

"Ndipo aphunzitsi ako adzasaina?"

"Anatero."

A Steve anamwetulira koyamba pa milungu yambiri. "Mulungu ndi wamkulu. Khala pansi, Sele, tenga cholembera. Kholo lathu Makina litafika kuno kuchokera ku Mozambiki, linapeza thengo lokhalokha. Kunalibe munthu, nyama basi. Makina ndi amene anakumba chitsime chija ndi manja ake. Patapita zaka kunatulukira munthu wina dzina lake Sitima, akupempha madzi. Makina anamumvera chisoni, anamubwereka malo a dimba. Alendowo ndi a kwa Sitima. Walemba?"

"Ndalemba. Nanga inu anakuuzani ndani, amalume?"

"Aa, zimenezo aliyense amadziwa. Tamvera tsono. Ine ndinakasuma kwa amfumu kuti dimba lija libwerere kwa eni ake. Mlandu ulipo Loweruka la sabata ya mawa. Amfumu athuwa ndi atsopano, zakale sakuzidziwa. Koma chinthu cholembedwa, chosainidwa ndi mphunzitsi wa boma, palibe angachitsutse. Iwe ukawerenga pabwalo. Ukatero wapulumutsa mbumba yonse."

"Aphunzitsi anati tifunse anthu awiri. Ndimaganiza zopita kwa agogo a Goliati."

Nkhope ya a Steve inasintha. "Nkhalamba ija isiye. Mutu wake unasokonekera. Wayiwala kuti chaka chatha inasochera pochokera kutchalitchi? Funsa mayi ako, akuuza zomwezi."

Selestina anakafunsa mayi ake. A Eliness anapitiriza kusenda chinangwa osadzutsa mutu.

"Zimene akuuza amalume ako ndi zomwezo," anatero motsitsa mawu.

"Koma inu munamva chiyani muli mwana?"

"Ndati ndi zomwezo. Kodi sukumva?"

3. Pa nyanja youma

Loweruka m'mawa Selestina anatenga njinga n'kupita kwa agogo a Goliati. Iwo anali malume wa mayi ake, munthu wamkulu kuposa onse m'mudzimo. Pa unyamata wawo ankasema mabwato. Tsopano maso anali atachita nkhungu, miyendo ikunjenjemera.

"Moseliwa, agogo?" Selestina anapereka moni wa Chilomwe. Chilomwe chake chinkathera pafupifupi pomwepo.

"Koseliwa, mwanaka. Ndani ameneyu? Sele wa Eliness? Wabwera pa njinga, ndamva kulira kwa tcheni."

Atamva chimene mtsikanayo ankafuna, a Goliati anafufuza ndodo yawo.

"Nkhani imeneyo siyambira pa chitsime. Imayambira pa nyanja. Ndikweze pa njingayo."

"Agogo, dzuwa likhala loopsa."

"Ndinaliona loposa limeneli. Tiye."

Selestina anawakhazika pa kaliyala n'kuyamba kukankha njinga. Anadutsa udzu wa milulu wouma, anadutsa mabwato osiyidwa, mpaka anafika pamene kale panali madzi ofika m'khosi. Nthaka inali itang'ambika timagawo timagawo, pamwamba pake poyera ndi mchere. Zigoba za nkhono zinkaphwanyika pansi pa matayala. Kumbuyo kwawo mapiri a Michesi ndi Mulanje ankaoneka mwa chizimezime. Kutsogolo kunalibe mtengo ngakhale umodzi.

Atayenda pafupifupi ola lathunthu, anafika pa thanthwe lakuda, lalitali ngati nkhokwe. Selestina anali asanalionepo, chifukwa masiku onse linkabisika m'madzi. A Goliati anatsika, n'kulipapasa ndi manja onse awiri.

"Lilipo," anatero. "Ndinaligwira komaliza mu 1968, nyanja itaphwanso. Ndinkayesa sindidzaligwiranso. Tsegula kope lako."

Anakhala pa kamthunzi ka thanthwelo, n'kuloza kum'mawa ndi ndodo.

"Mapiri akuoneka uko ndi a ku Mozambiki. Ife tinachokera kuseri kwake. Ndinali kamnyamata, mano a kutsogolo atangoguluka. Masiku amenewo Apwitikizi ankagwira amuna kukalambula misewu popanda malipiro. Malume wanga Makina anathawa ntchitoyo. Atamugwira anamumenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija loboola, mpaka manja anatupa ngati maungu. Atangochira anati, 'Tiyeni tizipita, kuno tithera.' Tinanyamuka anthu khumi ndi mmodzi. Amayi anga anabereka mlongo wanga wakhanda, dzina lake Muhiwa.

"Chaka chimenecho nyanja inali itaphwa ngati leromu. Tinadutsa pompano wapansi, poopa asilikali amene ankalondera njira za kumtunda. Madzi a m'zipanda anatha tsiku loyamba. M'zithaphwi zimene tinkapeza munali madzi owawa, ukamwa ludzu limachita kuwirikiza. Pa thanthwe lino tinapumulapo. Amayi anali atauma mkaka. Muhiwa anasiya kulira, amangotsegula kukamwa.

"Tsiku lachiwiri tinaona mtengo wobiriwira kutali. Makina anati pamene pali mkuyu pali madzi. Titafika tinapeza mayi akutunga. Anali Mnyanja, mkazi wa Sitima. Ife Chinyanja sitinkachimva, iye Chilomwe sankachimva. Anangotiyang'ana milomo, n'kutunga chikho, n'kuyamba kumwetsa ine. Kukoma kwa madzi amenewo ndikukumvabe pakhosi pano.

"Sitima anali ndi mudzi wa nyumba zisanu ndi imodzi. Akanatha kutipirikitsa. Koma anatilozera malo omanga misasa, anatipatsa mapira a mbewu ndi khasu limodzi. Patapita masiku atatu Muhiwa anamwalira. Ife tinalibe manda, pakuti mlendo sayenda ndi manda. Sitima anati, 'Mwanayu wafera m'manja mwanga, agone ndi makolo anga.' Anamuika m'manda mwawo. Anyanjawo ndi amene anayamba kunena kuti, 'Tikatunge pa chitsime pamene tinapeza alendo.' Alendowo ndife, mwanaka. Kenako abale athu anabwera ambiri, ife tinachuluka, iwo anachepa. Koma kuchuluka sikusandutsa mlendo kukhala woyamba."

Selestina anasiya kulemba.

"Agogo, amalume a Steve anakasuma kwa amfumu. Akufuna dimba la mayi Eveles. Akuti Makina ndiye anakumba chitsime, ndipo akufuna ndikawerenge zimenezo pabwalo."

A Goliati anagwira ndodo yawo mwamphamvu. Palibe amene anali atawauza za mlanduwo.

"Steve ndi mwana wa mlongo wanga," anatero. "Si munthu woipa. Njala ndi imene ikumuyankhulitsa, ndipo njala ili ndi pakamwa pokoma. Ine nditapita pabwalopo, adzati nkhalamba yayamba kubwebweta. Ndinasochera tsiku limodzi lokha, koma kuyambira pamenepo mawu anga anapepuka ngati mankhusu. Adzamvera pepala lakolo. Tsono tamvera, ndikuuze kamodzi. Nyanja iyi ndayiona ikuphwa, ndayionanso ikudzaza. Imapita, imabwera. Zaka ziwiri zitatu Steve adzakhala m'bwato, matemba ali mbwee, njala atayiwala. Koma dimba lolanda silidzabwerera lokha, ndipo bodza lolembedwa siliphwa. Adzukulu ako adzaliwerenga n'kumati ndi zoona. Munthu amene anakumwetsa uli pafupi kufa, mdzukulu wake sumuthamangitsa pa chitsime. Ukatero watukwana madzi amene ali m'magazi mwako, chifukwa popanda chikho chija ine kulibe, mayi ako kulibe, iwenso kulibe. Sindikukuuza kuti unyoze malume wako. Malume ndi malume. Ndikungoti dzanja lako lisalembe chimene khutu lako silinamve, ndipo pakamwa pako pasabise chimene dzanja lalemba. Zotsalazo uona wekha. Tiye, ndikweze, dzuwa lakula."

4. Masamba awiri

Selestina analemba nkhani zonse ziwiri mu kope. Tsamba loyamba linali la a Steve, dzina lawo pansi. Masamba otsatira anali a agogo a Goliati, dzina lawonso pansi. Lachitatu anapereka kwa a Chiukepo.

Tsiku lotsatira aphunzitsiwo anamuitana pa nthawi yopuma.

"Iyi ndiye ntchito imene ndinkafuna," anatero. "Ndasaina kumapeto. Koma bwanji nkhope yagwa chonchi?"

"Aphunzitsi, pa nkhani ziwirizi yoona ndi iti?"

"Ine ndine mlendo kuno, sindingakuweruzireni za m'mudzi mwanu. Koma wolemba mbiri amadzifunsa mafunso. Ndani mwa awiriwa anaona ndi maso ake? Nkhani ya ndani ili ndi chinthu chimene munthu angapite kukachiona? Ndipo ndani angapindule anthu akakhulupirira nkhani yake? Yankho ulipeza, ngati sunalipeze kale."

Lachisanu masana a Steve anabwera kudzaona kope. Anawerenga tsamba loyamba akugwedeza mutu mokondwa. Atatembenuza, anawerenga mizere itatu yokha n'kuimirira.

"Ndinakuuza chiyani za nkhalamba ija?"

"Aphunzitsi anati anthu awiri, amalume."

"Aphunzitsi! Mtumbuka ameneyo adzakudyetsa? Akamaliza zaka zake adzakwera basi kubwerera kwawo, iwe udzatsala ndi ife."

Anagwira masambawo kuti awang'ambe, koma anaona kuti siginecha ya a Chiukepo inali pansi pa nkhani ya a Goliati. Akanang'amba, umboni wawo ukanatha mphamvu. Anaponya kopelo pamphasa.

"Chabwino. Mawa ukawerenga tsamba loyamba lokha. Ukafika pa dzina langa, utseke. Siginecha ndikawaonetsa ndine. Sukunama ayi, ukungowerenga zimene ndakuuza. Wamva?"

Selestina anatola kope lake pamphasa. A Steve anachoka.

A Eliness anali atamva zonse ali kuseri kwa nyumba. Anabwera n'kukhala pafupi ndi mwana wawo.

"Mwana wanga, nanenso ndikuchenjeze. Nkhani ya a Goliati ndinayimva ndili mtsikana, sindingakunamize. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Bambo ako atamwalira, amene anafolera nyumba ino ndi Steve. Utadwala malungo aja, amene anakunyamula pa njinga mpaka kuchipatala ndi Steve. Mawa ukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu, sadzaiwala. Mayi Eveles ndi munthu wabwino, koma ukadzadwala amene adzabwere si iwo. Choonadi n'chabwino, koma sichiphikidwa mu mphika. Taona nkhokwe yathu. Taona azing'ono ako. Ine sindikuti uname. Ndikungoti mwana wamkazi amadziwa potsekera pakamwa."

"Nanga adzukulu a mayi Eveles adzadya chiyani, amayi?"

A Eliness anadzuka n'kukayamba kusesa pabwalo pamene anali atasesapo kale.

5. Pabwalo

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pansi pa mitengo ya mango, kwa amfumu. Amfumu a Nathiya anali mayi wa mawu ofewa. Anali atakhala zaka zambiri ku Zomba ndi amuna awo, ndipo ufumu anaulowa zaka ziwiri zokha zapitazo. Ankakonda kumvetsera nthawi yaitali asanayankhule.

Mbali imodzi kunadzaza abale a a Steve. Mbali inayo kunakhala mayi Eveles ndi adzukulu awo atatu pa kamphasa kamodzi. A Goliati panalibe, chifukwa palibe anawatenga.

A Steve anafotokoza nkhani yawo momveka bwino. Anthu ambiri ankavomereza ndi mitu. Kenako amfumu anapereka mpata kwa mayi Eveles.

"Zikomo amfumu," anatero mayiwo atagwada. "Ine kusukulu sindinapite, pepala ndilibe. Ndikudziwa kuti dimbalo analima agogo anga a Sitima, analima amayi anga, ndikulima ine. Madzi sindinakanizepo munthu. Amene akanandichitira umboni onse ali kumanda. Ndathera pomwepa."

"Ife pepala tili nalo!" anatero a Steve. "Mwana wa sukulu wafufuza mbiri yonse, mphunzitsi wa boma wasaina. Onani apa, amfumu. Sele, imirira uwerenge."

Selestina anaimirira. Anawerenga tsamba loyamba mofulumira, mawu akutuluka ang'onoang'ono: thengo, Makina, chitsime, Sitima wopempha madzi. Anafika pa dzina la amalume ake n'kuima.

Anthu anayamba kung'ung'udza mokhutira. Mayi Eveles anaweramitsa mutu. Kamdzukulu kawo kakang'ono kankaseweretsa tsamba la mango, osadziwa kanthu.

Amfumu anayang'ana Selestina mwachifundo.

"Wawerenga bwino, mwana wanga. Zathera pomwepo?"

Selestina anayang'ana amalume ake. A Steve anagwedeza mutu pang'ono. Mtsikanayo anayang'ana mayi ake, koma iwo anali ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, maso ali pansi.

"Ayi, amfumu," anatero. "Sizinathe. Pali nkhani ina."

"Sele!" anakuwa a Steve.

"Bambo Steve, pepalali mwabwera nalo ndinu," anatero amfumu modekha. "Mwatiuza kuti tilikhulupirire. Ndiye tilimve lonse. Pitiriza, mwana wanga."

Selestina anatembenuza tsamba. Atafika pa thanthwe lakuda mawu ake anayamba kumveka mpaka kumbuyo. Anawerenga za manja otupa a Makina, za madzi owawa, za mkuyu, za chikho. Anawerenga za khanda limene linaikidwa m'manda a eni mudzi. Pomaliza anatchula dzina la a Goliati n'kutseka kope.

Amayi ena achikulire a mbali ya a Steve ankayang'anana, wina n'kupukuta m'maso.

"Zobwebweta za nkhalamba!" anatero a Steve. "Munthu wosochera masana dzuwa likuswa mtengo angakumbuke za ali mwana? Umboni wake uli kuti?"

Mayi Eveles anakweza dzanja. Sanayang'ane a Steve. Anayang'ana Selestina.

"Mwanawe, tabwereza dzina la khandalo."

"Muhiwa."

"Muhiwa," anatero mayiwo pang'onopang'ono, ngati akulawa dzinalo. "Amfumu, m'manda mwathu, chakum'mawa, pansi pa mtengo wa mthethe, pali kamtumbira kakang'ono kozungulidwa ndi miyala. Amayi anga ankati tikamalambula manda tisamakadumphe, chifukwa mwagona mwana wa alendo amene anafera m'manja mwa agogo. Chaka chilichonse ndimakalambula. Chaka chino ndinapita ndi adzukulu angawa. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndikulambulira ndani. Lero ndamva dzina lake."

Mawu awo anathera m'misozi. A Steve anakhala pansi mwadzidzidzi, ngati munthu amene wapunthwa.

Amfumu anadikira kuti mayiwo atonthole.

"Lero sindigamula," anatero. "Lachitatu tidzapita tonse kumandako, ndipo a Goliati mudzawatenge, adzatilozere okha. Kufikira tsikulo dimba lili m'manja mwa mayi Eveles. Koma ndinenenso ichi. Njala ya mbumba ya a Steve si yabodza. Imeneyonso ndi nkhani ya mudzi uno, ndipo tidzayikamba. Bwalo latha."

Anthu anabalalika m'timagulu, akunong'onezana. Ena ankamuyang'ana Selestina ndi ulemu, ena ndi diso lofiira. Msuweni wake wina anadutsa pafupi n'kumulavulira malovu kumapazi. A Steve anachoka osayang'ana munthu.

6. Chigamulo cha mwinimbumba

Atafika kunyumba, a Eliness anakhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Selestina anatenga nandolo n'kuyamba kusola, kuti manja apeze chochita.

Dzuwa litapendeka a Steve anatulukira. Sanalonjere. Anapita molunjika pamene panatsamira njinga, n'kuigwira pa handulo.

"Achemwali," anatero, akuyang'ana a Eliness okha ngati Selestina panalibe. "Ine ndalera njoka. Ana anga agona ndi njala chifukwa cha mwana wanuyu. Sukulu yamukulira m'mutu, wayamba kuona makolo ake ngati zitsiru. Ndiye ine monga mwinimbumba ndanena. Kusukulu wasiya lero. Kuli mayi wina ku Limbe amene akufuna mtsikana wantchito ya m'nyumba. Lolemba m'mawa ndidzamuperekeza ndekha ku Boma akakwere minibasi. Mumukonzere katundu."

"Amalume, mayeso a JC atsala milungu itatu," anatero Selestina.

"Ukalembe kwa Sitima."

Anakankha njinga n'kutuluka nayo pa mpanda. Kulira kwa tcheni kunamveka mpaka kunazimirira.

Selestina anayang'ana mayi ake. M'moyo wake wonse anali asanawamvepo akutsutsa mawu a mlongo wawo. Nandolo zinagwa m'manja mwake n'kumwazika pansi.

"Amayi, ndinalakwa?"

A Eliness anakhala nthawi yaitali akuyang'ana njira imene njinga inadzera. Kenako anaimirira, n'kulowa m'nyumba. Selestina anamva chivundikiro cha sutikesi chikutseguka. Anadziwa kuti ayamba kumulongedzera zovala.

Koma a Eliness anatuluka opanda katundu. Anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku loyera, zimene ankavala pa zinthu zikuluzikulu zokha. Anamanga chitenjecho mwamphamvu m'chiuno.

"Tola nandolozo, uphikire azing'ono ako," anatero. "Kope lija lili kuti?"

"Ili, amayi."

"Bweretsa kuno."

Analilandira ndi manja awiri, ngakhale kuti kuwerenga sankadziwa, n'kulipana m'khwapa.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Ndakhala chete zaka zambiri," anatero a Eliness. "Steve ndi mwinimbumba, inde. Koma nayenso ali ndi malume wake."

Anatuluka pa mpanda n'kulowera njira ya kwa a Goliati, akuyenda mofulumira kuposa mmene Selestina anawaonerapo.